Momwe Mungasankhire ndi Kugwiritsa Ntchito Chophimba Galimoto Yogona Panja

Magalimoto ambiri m'dziko muno amagona panja. Nyumba za lendi m'matauni athu, kaya ndi ku Chilomoni, ku Area 25 kapena ku Chibavi, kawirikawiri sizikhala ndi garaja, choncho mwini galimoto amangoiimika pabwalo, pansi pa mtengo wa mango kapena m'mphepete mwa mpanda, ndipo imakhala pomwepo dzuwa likamaswa mtengo, mvula ikamagwa, ngakhalenso fumbi la m'chilimwe likamauluka. Ambiri mwa magalimoto amenewa ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, omwe amafika kudzera pa doko la Dar es Salaam penti wake atatha kale zaka zingapo, motero dzuwa la kuno silichedwa kumusulutsa. N'chifukwa chake anthu ambiri ayamba kugula nsalu zophimbira galimoto, zomwe ogulitsa amangoti kava, ndipo maganizo amenewa ndi abwino. Chomwe ambiri sauzidwa pogula n'chakuti chophimba chosankhidwa molakwika, kapena chovekedwa pa galimoto yafumbi ndi yonyowa, chimawononga penti msanga kuposa dzuwa ndi mvula zomwe mwiniwake akuthawa.

Yambani mwaona chomwe chikuwononga galimoto pamalo panu

Musanatulutse ndalama, onetsetsani kaye malo omwe galimoto imaima, chifukwa chophimba choyenera munthu wa ku Nchalo si chomwe chingathandize munthu wa ku Thyolo. Ngati mukukhala ku chigwa cha Shire kapena m'mphepete mwa nyanja, monga ku Mangochi, Salima ndi Karonga, vuto lalikulu ndi dzuwa. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumafika madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo mkati mwa galimoto yotseka magalasi kumatha kupitirira madigiri 60. Pamwamba pa penti wa galimoto pamakhala kachikuto kopyapyala koonekera mkati, komwe kamachititsa kuti galimoto iziwala, ndipo cheza cha dzuwa chimakadya pang'onopang'ono mpaka kamayamba kutuwa ndi kusupuka, makamaka padenga ndi paboneti. Kakangosupuka palibe polishi amene angakabwezeretse, ndipo chotsala n'kupita kwa opopera penti. Cheza chomwecho n'chimene chimasandutsa nyali zakutsogolo kukhala zachikasu, kung'amba dashibodi, ndiponso kuumitsa malabala a m'zitseko ndi a mawaipa mpaka ayambe kuthetheka.

Kumadera amvula ndi nkhungu monga Thyolo, Mulanje, Zomba, Mzuzu ndi Nkhata Bay nkhani imasintha. Kumeneko chinyezi chimakhalitsa, ndipo ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikabwera kumwera, galimoto imatha masiku angapo osauma. Kwa anthu a madera amenewa funso loyamba pogula liyenera kukhala lakuti kodi nsaluyo imatulutsa mpweya kapena ayi.

Mitengo nayo imafuna kuiganizira mofatsa, popeza tonse timathamangira mthunzi. Bulugamu ndi paini zimagwetsa utomoni womata, jakaranda amathothola maluwa ake m'Seputembala ndi Okutobala, ndipo maluwawo akanyowa ndi mvula ya chizimalupsa amamatirira ndi kusiya mabanga. Zitosi za mbalame ndi za mileme zili ndi asidi amene amadya penti, ndipo pa boneti yotentha zimatha kusiya chipsera pa tsiku limodzi lokha. Masamba ang'onoang'ono amadzaza m'ngalande ya m'munsi mwa galasi lakutsogolo n'kutseka mabowo otulukira madzi, kenaka mvula ikagwa madzi amalowa mkati n'kunyowetsa makapeti, mwini wake n'kumadabwa kuti fungo lachinyontho likuchokera kuti.

Pomaliza, dzifunseni kuti galimoto mumaiyendetsa kangati. Apa ndinene maganizo anga mosabisa: munthu amene amayenda tsiku ndi tsiku pa msewu wafumbi, n'kufika pakhomo madzulo galimoto ili mbuu, chophimba chathunthu sichimuyenera pokhapokha ngati ali wokonzeka kutsuka madzulo alionse. Iyeyo angapindule kwambiri ndi shedi ya malata kapena ya neti yamthunzi, pamodzi ndi chotchinga chonyezimira choika pa galasi lakutsogolo masana. Chophimba chathunthu chimathandiza kwambiri galimoto imene imaima masiku angapo kapena miyezi, monga ya munthu amene amangoitulutsa Loweruka ndi Lamulungu, yoimitsidwa chifukwa mafuta asowa, yodikira sipeya, kapena ya m'bale amene ali kunja kwa dziko.

Kusankha nsalu

M'masitolo ndi m'misika mupeza mitundu itatu. Woyamba ndi wa pulasitiki wopyapyala wonyezimira ngati siliva, nthawi zina wokhala ndi kansalu koyera mkati. Umenewu ndi wotsika mtengo ndipo sulowa madzi ukadali watsopano, koma sutulutsa mpweya, ndipo dzuwa limaufooketsa moti sukhalitsa usanayambe kung'ambika m'misoko. Wachiwiri ndi wa nsalu yolukidwa ya poliyesita yopakidwa mankhwala oletsa madzi, ndipo papaketi pake pamalembedwa manambala monga 210D kapena 300D, omwe amasonyeza kunenepa kwa ulusi, moti nambala ikakwera nsaluyo imakhala yochindikala. Wachitatu ndi wa nsalu zingapo zosanjikizidwa pamodzi, zitatu kapena kuposerapo, zomwe zimaletsa madontho a mvula kulowa koma zimalola nthunzi kutuluka. Mtundu wachitatuwu ndi umene umayenera galimoto yokhalitsa panja, ngakhale kuti ndi wokwera mtengo ndipo supezeka paliponse.

Kufunika kwa nsalu yotulutsa mpweya kumamveka bwino mukadziwa chomwe chimachitika pansi pa chophimba. Masana dothi kapena simenti ya pabwalo imatulutsa nthunzi, yomwe imakwera n'kukodwa pakati pa nsalu ndi galimoto. Usiku chitsulo chimazizira, nthunzi ija n'kusanduka madontho, monga momwe mame amachitira. Kukacha dzuwa limatenthetsa madonthowo, ndipo ngati alibe potulukira amakhala pomwepo tsiku ndi tsiku. Zotsatira zake ndi mabanga otuwa pa penti, dzimbiri m'malo momwe penti anakandika, ndi chuku m'mipando ndi pa chiwongolero. Ndiye mawu akuti chophimba sichilowa madzi ngakhale pang'ono asakukopeni paokha, chifukwa chomwe sichilowetsa madzi kawirikawiri sichiwatulutsanso.

Pogula pemphani kuti akutsegulireni paketi. Ikani nsaluyo pakamwa n'kuuzira mwamphamvu. Ngati mpweya sukudutsa n'komwe, yang'anani ngati chophimbacho chili ndi timawindo totulutsira mpweya m'mbali, totetezedwa ndi kansalu kogwera pansi kuti mvula isalowe. Kenaka sisitani mkati mwake ndi kuseri kwa dzanja lanu, ndipo ngati mukumva kukhakhala musagule, chifukwa mbali imeneyo ndi imene izikhudza penti. Onaninso misoko ngati ili yosokedwa kawiri, lasitiki wa kutsogolo ndi kumbuyo ngati ali wolimba, ndi malamba omangira pansi ngati alipo. Mtundu woyera, wotuwa kapena wasiliva ndi umene umabweza dzuwa, pomwe wakuda umasunga kutentha.

Ambiri amaganiza zogwiritsa ntchito lona lomwe ali nalo kale pakhomo, loyanikira chimanga kapena lophimbira katundu pa lole. Lona ndi lolemera, lokhakhala, lili ndi mphete zachitsulo m'mphepete, ndipo silitulutsa mpweya, choncho lisagone mwachindunji pa penti. Ngati ndi lokhalo lomwe muli nalo, zikani mitengo inayi yolimba ndipo mulikunge pamwamba ngati denga, mbali imodzi itakwererapo kuti madzi azitsetsereka, n'kusiya mpata wokwanira pakati pa lonalo ndi denga la galimoto kuti mphepo izidutsa. Likagwiritsidwa ntchito motere limathandiza kwambiri, mwinanso kuposa chophimba chotchipa cha m'sitolo.

Njira ina yabwino ndi kusoketsa kwa amisiri osoka mipando ya magalimoto ndi matenti, omwe amapezeka m'tauni iliyonse. Ubwino wake ndi wakuti amayeza galimoto yanu yeniyeniyo. Muwauze kuti mkati aikemo nsalu yofewa ya thonje, ndipo mashiti a pabedi a pa kaunjika amagwira bwino ntchito imeneyi. Muwauzenso kuti zipi, mabatani ndi zitsulo zilizonse zikhale kunja kapena zikutidwe ndi nsalu.

Kuyeza galimoto

Zophimba zogula zimalembedwa S, M, L, XL ndi kupitirira, koma zilembozi zimasiyana malinga ndi kampani, choncho dalirani masentimita olembedwa papaketi. Tengani tepi muyeze kutalika kuchokera ku bampala yakutsogolo mpaka yakumbuyo, m'lifupi pamalo otambalala kwambiri, ndi msinkhu kuchokera pansi mpaka padenga. Daihatsu Mira ndi yotalika pafupifupi mamita 3.4, Toyota Vitz pafupifupi mamita 3.9, Corolla Axio mamita 4.4, pomwe Hilux ya zitseko zinayi imafika mamita 5.3. Maonekedwe nawo ndi ofunika, chifukwa chophimba cha galimoto ya buti yotulukira kumbuyo sichikhala bwino pa Sienta kapena Freed, zomwe denga lake ndi lalitali mpaka kumbuyo, ngakhale kutalika kutafanana. Ngati galimoto ili ndi keriyala padenga, chitsulo chotchinga kutsogolo kapena tayala lapadera kumbuyo, ziwerengereni poyeza. Chophimba chothina chimang'ambika pa magalasi am'mbali ndi m'makona, koma chachikulu kwambiri n'choopsa koposa chifukwa chimakupiza ndi mphepo. Choyenera ndi chimene chikuposa galimoto ndi masentimita ochepa chabe ndipo chikutsika mpaka chapakati pa matayala.

Kukonzekera musanaphimbe

Gawo ili ndi limene anthu ambiri amalidumpha, pomwe ndi limene limasiyanitsa chophimba choteteza ndi chowononga. Fumbi la m'misewu yathu lili ndi timchenga tolimba kuposa kachikuto ka pamwamba pa penti. Mukaveka nsalu pa galimoto yafumbi, mphepo iliyonse imene igwedeze nsaluyo imachititsa kuti timchengato tikwecheze penti monga momwe mchenga umakwechera poto, ndipo pakatha milungu ingapo mudzaona timizere tozungulira pa boneti ndi malo osuluka m'makona a denga, pa magalasi am'mbali ndi m'mphepete mwa buti. Timizereti timaoneka bwino dzuwa likawomba chapambali, makamaka pa galimoto yakuda kapena yabuluu.

Choncho tsukani galimoto nthawi zonse musanaiphimbe. Yambani ndi kuthira madzi ambiri kuchokera padenga kutsika pansi musanaikhudze ndi nsalu, kuti fumbi lochuluka lichoke lokha. Gwiritsani ntchito ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo ndi ina ya madzi oyera otsukuluzira nsalu, kuti mchenga umene mwachotsa usabwererenso pa penti. Sopo woyenera ndi wotsukira magalimoto. Sopo wa ufa wochapira zovala amachotsa polishi ndipo akapanda kusungunuka bwino amakanda. Matayala ndi m'munsi mwa zitseko muzitsuke pomaliza, ndi nsalu ina yapadera. Zitosi zouma musazipale ndi chikhadabo, koma ikanipo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo mpaka zifewe, ndipo utomoni muuchotse ndi mankhwala ake ogulitsidwa m'masitolo a zipangizo za magalimoto. Mukatha tsegulani boneti, muchotse masamba onse m'ngalande ya m'munsi mwa galasi.

Kenaka iumitseni. Pukutani ndi nsalu yofewa yomwa madzi, tsegulani zitseko ndi buti mupukute m'mphepete mwake, ndipo isiyeni kwa ola limodzi kapena kuposerapo kuti madzi obisala m'magalasi am'mbali, m'zogwirira zitseko ndi m'malabala atsike. Ngati makapeti kapena mipando ndi yonyowa, iyanikeni kaye. Galimoto imene ikukaima nthawi yaitali ndi bwino kuipaka polishi isanaphimbidwe, popeza polishiyo amakhala pakati pa penti ndi nsalu.

Ngati galimoto yangofika kumene kuchokera paulendo, dikirani kuti izizire, mphindi 30 kapena kuposerapo. Ekizozi ndi ziwalo zina za pansi zimatentha madigiri mazana angapo, ndipo zimasungunula nsalu ya pulasitiki n'kuimatiriza pa chitsulo. Pa chifukwa chomwechi musaimike galimoto yotentha pa udzu wouma wa m'chilimwe. Galimoto imene yangopopedwa penti kumene isaphimbidwe kufikira mmisiri atakuuzani kuti pentiyo waumiratu, chifukwa penti watsopano amatenga milungu ingapo akutulutsa mankhwala ake, ndipo nsalu ikhoza kusiya chidindo chake pamenepo.

Pomaliza pindani magalasi am'mbali ngati chophimba chilibe matumba ake, masulani kapena gonetsani eriyo, tsitsani mawaipa pamalo pake, tsekani magalasi onse, ndipo pamalo posongoka paliponse, monga pakona ya nambala puleti, ikanipo kansalu kofewa.

Kuveka ndi kumanga

Ntchitoyi imayenda bwino ndi anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, ngakhale munthu mmodzi angathe ngati kulibe mphepo. Pezani kaye mbali yakutsogolo, yomwe kawirikawiri imakhala ndi chizindikiro, ndipo ngati palibe ikanipo chanu ndi penti kapena ulusi wofiira kuti musamavutike tsiku lililonse. Ikani chophimba chili chopinda pakati pa denga, chitambasuleni kulowera kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka mutsitse mbali zonse ziwiri. Musachikoke pa penti, ndipo musalole kuti mkati mwake mukhudze pansi, chifukwa mchenga umene ungamatirire pamenepo ukathera pa galimoto. Lowetsani magalasi m'matumba ake, kolani lasitiki pansi pa bampala yakutsogolo, n'kumaliza ndi yakumbuyo.

Lasitiki yekha sakwanira pa mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala, kapena pa mwera wa kunyanja. Dutsitsani lamba pansi pa galimoto chapakati, ndipo ngati kuli kotheka onjezerani wina kutsogolo kwa matayala akutsogolo ndi wina kumbuyo kwa akumbuyo. Njira yosavuta yodutsitsira lamba popanda kugona pansi ndi kumangirira nsonga yake ku ndodo yaitali n'kuikankhira tsidya linalo. Kungani mpaka nsalu itagwira thupi la galimoto osakupiza, koma osafika pong'amba mabowo a malamba. Zomangira zapulasitiki zikhale pansi pa galimoto, zisatsamire pa chitseko. Musazengereze chingwe cha sisalo kapena waya kuzungulira galimoto pamwamba pa nsalu, ndipo musatsindire chophimba ndi njerwa kapena miyala padenga ndi paboneti monga ena amachitira. Mukamaliza zungulirani galimoto yonse mukuona ngati pali malo olendewera pomwe madzi angadikhe. Pa pikapu malo otere ndi kumbuyo konyamulira katundu, ndipo pamafunika kuikapo thabwa kapena mapaipi opingasa kuti nsalu ikwere pakati.

M'munsi musiye mpata woti mphepo izilowa, nsalu isafike pansi. Komanso popeza chophimba chabwino chimakopa akuba, lembanipo nambala ya galimoto yanu ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo ngati chili ndi mabowo a loko, dutsitsanimo chingwe chachitsulo chokutidwa ndi pulasitiki n'kukhoma.

Galimoto yoima milungu kapena miyezi

Chophimba chimateteza kunja kokha, choncho galimoto imene ikhale nthawi yaitali imafuna zina zoonjezera. Ngati n'kotheka iimikeni pa simenti kapena pa miyala yoswa, chifukwa dothi ndi udzu zimatulutsa chinyezi chambiri. Pomwe palibe simenti, yalani pulasitiki wochindikala pansi musanaimike. Chotsani chakudya chilichonse, ngakhale nyenyeswa za chimanga chootcha, mtedza kapena mabisiketi a ana, chifukwa pansi pa chophimba ndi pamdima, pofunda ndi pabata, ndipo makoswe akapezapo chakudya amamanga zisa mu injini n'kudya mawaya. Kukonza mawaya odyedwa ndi makoswe kumadya ndalama zambiri kuposa mtengo wa chophimba. Tchetchani udzu wozungulira, ndipo musaimike pafupi ndi nkhokwe, matumba a chimanga kapena dzala.

Popani matayala mpaka mlingo wolembedwa pa chipepala cha pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, n'kuonjezera pang'ono, popeza tayala lokhala malo amodzi limaphwa pang'onopang'ono ndipo limaphwatalala mbali yogunda pansi. Handibuleki ikakhala yokoka kwa miyezi, makamaka m'dzinja, mabuleki amatha kugwirana ndi dzimbiri, choncho pamalo athyathyathya ndi bwino kuisiya galimoto m'giya, kapena pa P ngati ndi ya otomatiki, n'kuika zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Batire limatha mphamvu lokha ngakhale galimoto isakuyenda. Ngati ikhala kupitirira mwezi, masulani waya wa mbali yolembedwa chizindikiro chochotsera, ndipo pa magalimoto ambiri a ku Japan sipanala ya nambala 10 ndi imene imagwira. Magalimoto oyendera mafuta ndi magetsi pamodzi, monga Aqua ndi Prius, amafuna kuyatsidwa kawirikawiri kuti mabatire ake asafooke, ndipo pa amenewa tsatirani zomwe buku la galimotoyo likunena.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, sankhani tsiku ladzuwa muvule chophimba chonse, mutsegule zitseko kwa kanthawi, muone pansi pa boneti ngati muli zitosi za makoswe, zisa za mavu kapena nyerere. Ngati mukuliza injini, chophimba chikhale chitachotsedweratu, chifukwa utsi wa galimoto uli ndi mpweya wakupha wosanunkha umene ungadzaze mkati. Abale amene ali ku South Africa kapena ku Britain ndipo anasiya galimoto kumudzi aziuza wowasungira ntchito imeneyi momveka bwino, popeza galimoto yophimbidwa miyezi isanu ndi umodzi osavundukulidwa imatha kupezeka mipando yonse itachita chuku. M'nyengo ya mvula, mvula yamphamvu ikatha ndipo dzuwa latuluka, kwezani nsalu mbali zonse kapena ivuleni kuti galimoto ndi chophimba ziume. Kumbukiraninso kuti ana amakonda kubisala pansi pa nsalu zotere posewera, choncho zitseko zikhale zokhoma nthawi zonse, ndipo musanasunthe galimoto suzumirani pansi pake, pomwenso amphaka ndi nkhuku zimakonda kugona.

Zomwe chophimba sichingathe

Nsalu wamba siletsa matalala akuluakulu, mango kapena mapeyala ogwa kuchokera m'mwamba, ngakhale ziboda za mbuzi yokwera pa boneti. Pa zimenezi pamafunika chinthu chofewa ndi chochindikala. Ku Johannesburg, komwe matalala amagwa kawirikawiri m'nyengo ya mvula ndipo amaphwanya magalasi, kumagulitsidwa zophimba zokhala ndi siponji mkati. Kuno mukhoza kuyala mabulangete akale oyera bwino padenga, paboneti ndi pa magalasi, n'kuveka chophimba pamwamba pake kuti chiwagwire, koma mvula ikangotha muwachotse chifukwa bulangete lonyowa limasunga madzi pa penti. M'nyengo ya mango, kuyambira Novembala mpaka Januwale, njira yanzeru ndi kungoichotsa galimoto pansi pa mtengowo.

Mphepo yamkuntho ikalengezedwa, chophimba chivulidwe, popeza chikhoza kung'ambika n'kumakwapula galimoto ndi zomangira zake usiku wonse. Pa nthawi yotere chofunika ndi malo oimikapo. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anaonetsa ku Blantyre kuti madzi ndi matope otsika m'phiri amakokolola chilichonse chomwe chili m'njira yake. Choncho galimoto ichoke m'khwawa, m'mphepete mwa ngalande, pansi pa mitengo ya bulugamu ndi mawaya a magetsi, ndiponso pafupi ndi mipanda ya njerwa yomangidwa ndi dothi, yomwe imagwa ikamwa madzi.

Kuvula, kuchapa ndi kusunga

Povula yambani mwakutumula fumbi ndi masamba a pamwamba, kenaka masulani malamba onse ndipo muwagwire kuti zomangira zake zisamenye chitseko. Pindirani mbali zonse ziwiri padenga, mkati mukhudzane ndi mkati mokhamokha, n'kukulunga kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, kapena kuchokera mbali zonse kukumana pakati, malinga muzitsata njira imodzi nthawi zonse kuti poveka musasokonezeke. Ngati ndi chonyowa chiyanikeni pa chingwe mpaka chiume mbali zonse musanachiike m'thumba lake, chifukwa chikasungidwa chonyowa chimanunkha ndi kuchita chuku m'masiku ochepa. Chisungeni pamalo okwera pomwe makoswe ndi chiswe sizifika.

Chophimba chimafunika kuchapidwa pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo m'chilimwe kawirikawiri kuposa pamenepo. Njira yosavuta ndi kuchiveka pa galimoto yotsuka, kuchisambitsa ndi madzi ozizira, sopo wofewa pang'ono ndi siponji, kuchitsukuluza bwino, kenaka kuchitembenuza n'kuchita chimodzimodzi mkati. Jiki, madzi otentha, burashi yolimba ndi mankhwala ofewetsa zovala zimachotsa mphamvu yoletsa madzi, ndipo kusita kumasungunula ulusi wake. Mukatha muitsukenso galimotoyo ndi kuiumitsa musanaiphimbe.

Kabowo kakang'ono kasokedwe kapena kumatidwa chigamba msanga, chigambacho chikhale kunja kuti msoko usakhudze penti, ndipo lasitiki wotha mphamvu telala aliyense angamusinthe. Koma mukaona kuti nsalu yayamba kusiya ufa woyera kapena tizidutswa tasiliva pa galimoto, kuti kansalu kamkati kayamba kusupuka n'kuonetsa pulasitiki, kapena kuti ikung'ambika mukangoikoka pang'ono, ndiye kuti dzuwa laimaliza. Chophimba chotero chisabwererenso pa galimoto, ngakhale chikhoza kugwirabe ntchito yophimbira nkhuni kapena njerwa, ndipo pogula china tengani miyeso ija munalemba poyamba.